Mutu Ukakula Sulewa Nkhonya, Makamaka Mutu wa V8

Agogo anga a ku Katete ankakonda kunena kuti mutu ukakula sulewa nkhonya. Ankatero akaona anyakwawa akudzutsidwa pakati pa usiku chifukwa mbuzi ya uje yadya chimanga cha uje. Ukakhala wamkulu, mavuto a mudzi wonse amatera pa iwe, ndipo kothawira kulibe. Ine mwambiwu ndinkauyesa wa mafumu ndi anthu a imvi. Sindinkadziwa kuti masiku ano mutu waukulu amagulitsa, ndipo munthu umakaugula wekha, dzuwa likuswa mtengo, ndi ndalama zako zomwe.

Wanga ndinaugula mu 2023, chaka chimene boma linalola ogwira ntchito kutapako 20 peresenti ya penshoni yawo ku NAPSA asanapume. Anzanga anzeru anagula mapuloti. Mayi akunyumba anali atalemba kale pakapepala: malata atsopano, simenti yokwezera khonde kuti madzi a mvula asamalowe m'nyumba, kotsalako fizi ya ana. Ine ndinati ndikangoona chabe galimoto imene mkulu wina wa kumayadi ankagulitsa. Land Cruiser VX ya 2002, yoyera mbee, mipando yachikopa, mtundu umene kale tinkangouona ukudutsa ndi mbendera kutsogolo. Msinkhu wovota inali itadutsa kale, koma itangolira, mtima wanga unagwada. Ndinaphatikiza za NAPSA, za chilimba, ndi kena ka kwa akaloba. Madzulo ake ndinalowa m'Kanyama ana akundithamangira pambuyo, akukuwa kuti kwabwera aminisitala.

Mayi akunyumba anatuluka, nachizungulira chigalimotocho kamodzi, manja ali kumbuyo.

"Bambo, malata aja ndi amenewa?"

Nkhonya yoyamba inandipeza pageti. Chinthucho n'chotalika pafupifupi mamita 5, m'mimba mwake pafupifupi mamita 2, pomwe geti yathu anaimanga poganizira wilibala. Usiku woyamba chinagona kunja, ine ndili momwemo ngati mlonda, udzudzu ukundiimbira nyimbo za chikondwerero. M'mawa tinagumula mbali ina ya mpanda, ine ulendo wa ku Kalingalinga, m'mbali mwa msewu wa Alick Nkhata kumene owotcherera amayala mageti awo. Mmisiri anayamba wasuzumira kaye chimene ndafikira, kenako anatchula mtengo. Tsiku limenelo ndinaphunzira kuti mu Lusaka katundu ali ndi mitengo iwiri, wa munthu wotsika m'basi ndi wa munthu wotsika mu VX. Lero ndikafuna tomato kumsika wa Soweto, galimoto ndimaisiya kutali, n'kufika ndikupukuta thukuta.

Nkhonya yachiwiri ndi ya tsiku ndi tsiku. Injini yake ndi V8 ya malita 4.7. Kwa osadziwa za injini, m'menemo muli ana 8 amene amadya nthawi imodzi, pomwe ka Vitz ka aneba kali ndi atatu okha, odyanso mwaulemu. Matayala onse anayi amakoka nthawi zonse, ngakhale ukupita pa kantemba kukagula machesi, ndipo thupi lake limaposa matani awiri. Thanki imalowa malita 96. Zimenezi ndinachita kuwerenga m'buku, chifukwa ndi maso anga sindinaionepo itadzaza.

Pomwetsera mafuta anyamata amandithamangira kusiya magalimoto ena.

"Abwana, tidzaze?"

Ndimatsitsa galasi pang'ono, ndi mawu omwe: "Thirani ya K100."

Mnyamata amathira, muvi wa geji osagwedezeka n'komwe, ngati wamwetsa njovu ndi supuni. M'tauni, pamzere wa magalimoto wa mumsewu wa Lumumba kapena wa Los Angeles nthawi yoweruka, lita imodzi imandiyendetsa makilomita 5 zikayenda bwino. Kanyali kachikasu kochenjeza kuti mafuta atha ndiye nyali yokhayo m'Kanyama imene sinazimepo, ngakhale mu 2024 pamene madzi anaphwa ku Kariba, magetsi n'kumabwera ngati mlendo wodzapempha moto.

Kale za chuma cha dziko sindinkazitsata. Lero ndikhoza kuphunzitsa ku UNZA. Ndikudziwa kuti mu Disembala 2021 boma linasiya kuthandizira mtengo wa mafuta, petulo n'kuchoka pa K17.62 kufika pa K21.16. Ndikudziwa kuti pambuyo pake a ERB anayamba kulengeza mitengo mwezi ndi mwezi, ndipo pofika 2024 lita inali itadutsa K30. Ndikudziwa kuti dizilo amayenda m'paipi ya TAZAMA, makilomita 1,710 kuchokera ku Dar es Salaam kukafika ku Ndola, pomwe petulo wanga amabwera pa mathanka, ndipo zonsezi amagula ndi madola. Kwacha ikaterereka, ine ndimagwa. Tsiku lomaliza la mwezi anzanga amadikira malipiro, ine ndimadikira chikalata cha ERB ngati zotsatira za kuchipatala.

Nzeru zopulumutsira mafuta ndayesa zonse. Ndinasiya kuyatsa choziziritsa, moti mu Okutobala ndimafika kutchalitchi ngati ndachokera kudambo. Ndinachotsa chitsulo chonyamulira katundu padenga, ndipo lero amayanikapo kapenta. Matayala ndimapopa mlungu uliwonse, chifukwa tayala lofooka limakoka ngati ng'ombe yotopa. Sefa ya mpweya ndimaikuntha Loweruka lililonse, poti fumbi la m'komboni nthawi ya chilimwe limaitseka, galimoto n'kumayenda ngati munthu wa chimfine. Izi zimathandizadi, koma thandizo lake ndi la munthu amene wachotsa ndiwo imodzi paphwando la ukwati. Alamu anga anandilangiza kuti pamtsetse ndizichotsa giya. Amakanika anandiseka: injini za kompyuta zimachepetsa zokha mafuta ukachotsa phazi giya ili momwemo, ndipo kutsetsereka popanda giya ndi chinthu cha matani awiri ndi njira yachidule yopitira kumanda a ku Chingwere. Ndinafunsa kuti nanga njira yeniyeni ndi iti. Anati, "Ikaima siimwa, bwana."

Nkhonya yachitatu ndi ya masipeya. Kunena zoona, galimotoyi ndi yolimba. Chimene chavuta ndi ukalamba wake ndi ubwana wa thumba langa. Chilichonse pa iyo chimabwera mwaunyinji: mapulagi 8, makoyilo 8, oyilo pafupifupi malita 7, ndipo tayala limodzi mtengo wake umagula awiri a ka Vitz. N'chifukwa chake ndinaganiza zomaikonzera pakhomo. Loweruka ndimayala thumba la ufa pansi, alamu agwira foni yoonetsa vidiyo ya pa YouTube, mwana wachisamba ndiye wopatsira masipanala.

Tsiku lina nditapotokola kiyi inangoti khe, basi. Alamu anati ndi sitata, ntchito ya mphindi 20. Tinaifuna pansi, tinaifuna m'mbali, sitata osaoneka. Mzungu wa muvidiyo ndiye anatiululira, akumwetulira, kuti pa injini imeneyi sitata imakhala pakati penipeni pa V, pansi pa mapaipi olowetsa mpweya, moti kuti uifike uyambe waphwasula za pamwamba zonse. Mabawuti tinkaika m'mbale za kukhitchini: a kumanja m'mbale ya nsima, a kumanzere m'mbale ya ndiwo. Tinatha masiku atatu, banja likudyera m'mapoto. Titamanga zonse, m'mbale ya ndiwo munatsala mabawuti awiri. Alamu anawayang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Alamu, awa anali ongokongoletsa." Ali m'kabati mpaka lero, pamodzi ndi makadi a sikelo a ana.

Ndiye pali dzinja. Kanyama anamangidwa pamalo athyathyathya, pansi pake pali thanthwe, ndipo mvula ikagwa madzi alibe kolowera. Apa ndiye chigalimoto changa chimaonetsa ufumu wake. Timagalimoto ting'onoting'ono tikuzima m'zithaphwi, ine ndimadutsa ngati mvuu ya mu Luangwa. Ndinanyada milungu iwiri, mpaka kumbuyo kunayamba kulira ngati chigayo. Nditamasula kabawuti ka difu, oyilo anatuluka wofanana ndi tiyi wamkaka. Difu yotentha ikamira m'madzi ozizira imayamwa madzi kudzera pakabowo kopumira. Ndalama imene ndinasunganso ya malata inapita ku oyilo ndi mabeyaring'i.

Usiku umenewo mvula inabwera ya mkokomo. M'nyumba munali mabeseni asanu ndi mphika umodzi, chilichonse ndi kaliridwe kake. Mayi akunyumba anadzuka osalankhula, nasenza thumba la ufa, mayunifomu a ana ndi wailesi yakanema, nakaziika mu VX.

"Pakhomo pano denga losadontha ndi limeneli, bambo. Pena munaganiza bwino."

Sindinadziwe ngati ndikuyamikiridwa.

Koma nkhonya zazikulu sizichokera ku zitsulo. Zimachokera kwa anthu, monga momwe agogo ankanenera. Alendi anga a kachipinda kakumbuyo anasiya kulipira pa nthawi yake, ati abwana a VX sangadandaule ndi tindalama totere. Kutchalitchi anandisankha kukhala wapampando wa komiti ya zomangamanga, ine amene denga langa ndi sefa. Magetsi atavuta, aneba ankabweretsa mafoni kudzatchaja m'galimoto mpaka batire inatheratu. Anyamata khumi anadzipereka kukankha, ndipo titatuluka thukuta mpaka kumsika, wina anakumbuka kuti ya otomatiki siilira ndi kukankha. Kubwerera nayo analipiritsa.

Maliro akagwa, kaya ku George, kaya ku Chawama, kaya ku Matero, bola womwalirayo anapatsanapo moni ndi m'bale wanga, foni imalira. Galimoto ya anamfedwa ndi yanga. Mwezi wa Ogasiti achibale anakumbuka kuti ndife Achewa ndipo tiyenera kukaonekera ku Kulamba, ku Mkaika, kwa Kalonga Gawa Undi. Ulendo wake ndi wa makilomita pafupifupi 500 kupita kokha. Tinakwera anthu 9. Pa Chongwe onse anali m'tulo nthawi yolipira pa toll gate. Pa mlatho wa Luangwa anadzuka kugula nsomba. Pa Petauke, pomwetsera mafuta, anagonanso. Pobwerera azakhali anandipatsa nkhuku ndi kathumba ka mtedza, nati, "Mwana wa achimwene, Mulungu akuwonjezere." Nkhukuyo ndinaiwerengera: inakwana malita atatu ndi theka.

Usiku wina wa Januwale, madzi ali m'mawondo, kunamveka kugogoda. Anali aneba a ka Vitz aja, ali chinyowere. Akazi awo matenda anali atayamba, ndipo ka Vitz kanali katamira mpaka m'zitseko. Kanyali kachikasu kanali kakuyaka monga mwa masiku onse. Anebawo anayamwa petulo wa m'kagalimoto kawo ndi paipi, malita anayi m'chigubu cha mafuta ophikira, tinathira. Tinafika kuchipatala madzi akugawikana uku ndi uku, amayi awiri operekeza akuimba kumbuyo. Mwana anabadwa m'bandakucha, wamkazi, ndipo anangotsala pang'ono kumutcha VX. Pobwerera mafuta anathera pakona ya kwathu. Tinaisiya pomwepo mpaka tsiku la malipiro.

Zitatha izi ndinapeza munthu wa ku Mtendere wofuna kusinthana ndi kagalimoto kakang'ono, n'kuwonjezerapo ndalama yokwanira malata. Ndinauza mayi akunyumba, ndikuyembekeza nthungululu. Iwo anaimbira foni amayi awo. M'mawa mwake apongozi anafika, nakhala pamphasa, nayang'ana kumbali monga mwa mwambo.

"Akamwini, tamva. Nanga ife tikadzafa, ana athu adzakwera chiyani? Mukufuna anthu adzati banja lija linagwa?"

Mayi akunyumba anawonjezera kuti ufa aziusunga kuti. Aneba anatumiza nthumwi. Ngakhale alendi aja analipira miyezi iwiri nthawi imodzi, ati tisachite zinthu mopupuluma. Ndinazindikira kuti pepala la RTSA lili ndi dzina langa, koma galimotoyo ndi ya mudzi. Changa ndi ngongole yokha.

Apa ndiye ndinaona pamene ndinasiyana ndi anyakwawa a agogo. Iwo mutu unkakula wokha, pang'onopang'ono, khosi likukulira limodzi. Komanso wodzawadzutsa usiku sankabwera chimanjamanja, ankabwera ndi nkhuku. Ine ndinagula mutu ndi kuiwala khosi, ndiponso sindinafunse za nkhuku. Choncho ndakhazikitsa lamulo, ndipo ndalilemba ndi choko pageti ya ku Kalingalinga ija: maliro malita 10, ukwati malita 15, matenda a usiku bwerani ndi chimene muli nacho.

Dzulo usiku kunamvekanso kugogoda.

"Odi, abwana!"

"Mwanyamula chigubu?" ndinafunsa ndili m'bulangete.

Kunja kunakhala chete pang'ono.

"Tanyamula, abwana. Koma n'chopanda kanthu. Timati mutigawireko pang'ono, jenereta ya pamaliro yazima."

Mayi akunyumba anandigwedeza ndi chigongono, nasuntha beseni kuti ndisapondemo, nandipatsa tochi ndi paipi.