Mmene mungaphere luso la ku Chia uku mukuligulitsa

Wamalonda amene wapangana ndi kampani ya okishoni ya ku Johannesburg kapena London kuti azigulitsa ziboliboli, mbiya ndi zojambula za m'mbali mwa nyanja ku Nkhotakota akhoza kuwononga luso lonselo mosavuta. Njira yake ndi iyi, ndipo ndikuilemba kuti amisiri akwathu aizindikire isanawafike pakhomo.

Yambani ndi kufufuta dzina. Mukatsika pamlatho wa Chia pamsewu wa M5, pomwe anthu amaima kugula chambo, funsani komwe kuli wodziwa kusema. Mukamupeza, gulani zonse pamtengo umodzi. Musafunse dzina lake, mudzi wake, chaka chimene anasema, kapena amene anamuphunzitsa kugwira sompho. M'buku la okishoni mukalembe kuti chinthucho chachokera kwinakwake mu Africa ndipo mmisiri wake sadziwika.

Apa ndiye pagona imfa yeniyeni. Makampani ngati Strauss & Co, Bonhams ndi Sotheby's, yomwe inayamba okishoni yapadera ya zaluso zamakono za mu Africa mu 2017, amagulitsa dzina ndi mbiri ya chinthu: anachipanga ndani, liti, chinadutsa m'manja mwa yani. Mtengo wa lero umakweza wa mawa chifukwa ogula amatsatira dzina. Fanizani Akuda, Mchewa wa ku Zambia amene anayamba kusema miyala ku Tengenenge m'dziko la Zimbabwe m'zaka za m'ma 1960, amadziwika mpaka lero chifukwa dzina lake linkayenda limodzi ndi ntchito yake. Wosema wa ku Chia wopanda dzina adzakalamba akugulitsa pamtengo wa tsiku loyamba. Zili ngati mlimi amene fodya wake wagulidwa pakhonde ndi mavenda: mabelo akafika ku Kanengo, nambala yolembedwapo ndi ya wina.

Chiboliboli chimodzi chikayenda malonda, tinene cha msodzi ali m'bwato, bwererani mukaitanitse zina zambirimbiri zofanana ndendende. Ana a mmisiriyo adzaphunzira kukopera basi, ndipo ogula akaona kuti katundu wachuluka adzatsitsa mtengo. Umirirani kuti zonse zikhale za phingo, musafunse komwe mtengowo wadulidwa, ngakhale kuti kuyambira 2017 mitengo ya mtundu umenewu ili pa mndandanda wa pangano la CITES loyang'anira malonda ake pakati pa mayiko.

Kenaka kalambitsani katundu. Pakani polishi wa nsapato, pachikani patsindwi la khitchini kuti adetsedwe ndi utsi, munene kuti ndi wa makolo akale. Akatswiri a okishoni akagwira bodza limodzi lotere, amayamba kukayikira chilichonse chochokera kudera lonselo, ndipo wolangidwa ndi mmisiri woona mtima amene sanakuonenipo. Choipa koposa, nyengererani anyamata ndi ndalama kuti akubereni zigoba za gule kudambwe. Gule Wamkulu, amene UNESCO inamulemekeza mu 2005, ali ndi eni ake; chigoba chikachoka mwakuba chimasiya milandu m'mudzi imene inu simudzakhalapo poiweruza.

Pangano likhale lapakamwa. Tengani katundu pangongole, munene kuti mudzalipira akagulidwa. Musaulule mtengo umene unamveka pa okishoni, ndalama zimene kampani yadula, kapena zoyendetsera. Lambalalaninso malo amene akhala akugwira ntchito ndi amisiri kwa nthawi yaitali, monga Nkhotakota Pottery yomwe siili kutali ndi Chia, ndi Kungoni ku Mua, yomwe Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, chifukwa kumeneko mudzakumana ndi anthu odziwa kufunika kwa ntchitoyo.

Kugwirizana kwa wamalonda ndi okishoni pakokha si koipa. Wosema wa ku Chia alibe njira yofikira yekha kwa ogula a ku Cape Town, ndipo wapakati wachilungamo amafunika ndithu. Koma inu amisiri, gobani dzina lanu ndi chaka kunsi kwa chilichonse chimene mwapanga, chijambuleni pafoni chisanachoke, ndipo pangano lilembedwe papepala pamaso pa amfumu, lonena gawo lanu ndi tsiku lolandira. Wamalonda akakana zimenezi, katundu asakwere galimoto.