Nkhuyu Yokhala ndi Zipi

Amene anayamba kunena kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere anali ndi mwayi umodzi umene ife tilibe. Nkhuyu yake inkang'ambika ndi zala ziwiri, ndipo panalibe womulipiritsa asanaing'ambe. Akatola ankatsegula, akaona tizilombo tili yakaliyakali n'kutaya, n'kutola ina. Nkhuyu za masiku ano zimabwera zomatidwa ndi makina, mtengo uli pamphumi, ndipo ukati ung'ambe kaye kuti uone zam'kati, mlonda wa sitolo amakugwira pamkono.

Pa nkhuyu zonse zamakono, yokoma m'maso kuposa zinzake ndi thumba la chakudya cha galu. Amene anafikako m'masitolo akuluakulu a ku Maputo, Nampula kapena Lilongwe analiona. Lili waliwali, laima lokha popanda cholitsamiritsa. Kutsogolo ajambulako galu wa ubweya wopesa, mano oyera mbee, lilime panja, wopanda nthata ngakhale imodzi. Pambali pake pali ntchafu ya nkhuku, karoti, ndi nsomba yonona yochekedwa pakati. Munthu wa ku Metangula ukaimapo pang'ono, malovu amayamba kudzaza m'kamwa, n'kudzifunsa chamumtima ngati sunalakwitse pobadwa ndi miyendo iwiri.

Galu wa kwathu kuno, amene timutche Dziwazako poti mayina a agalu athu amakhala uthenga kwa oyandikana nawo nyumba, sanalionepo thumba lotere. Sitolo yake ndi gombe. M'bandakucha, asodzi akamakocheza atachezera usiku wonse ndi nyali ndi chilimira, amapeza iye wafika kale, wakhala pansi, akudikira mwaulemu. Chakudya chake ndi matumbo a kampango, minga ya utaka, mkute wa kondowole, usipa wogwa pathandala, ndi usipa wina umene sunafune kugwa koma anauthandiza. Zonsezi zimabwera zopanda chithunzi, zopanda tsiku, zokutidwa ndi mchenga basi. Sanadandaulepo za maonekedwe.

Ndipo ngakhale mutamuonetsa thumba lija, mungangotaya nthawi. Ofufuza za maso a zinyama amati galu amasiyanitsa bwino mtundu wabuluu ndi wachikasu, koma chofiira ndi chobiriwira zimamusokonekera. Choncho timibulu tofiira tija tonamizira nyama, ndi tobiriwira tonamizira masamba, kwa galu n'timibulu chabe. Utotowo ndi wa mwini chikwama. Opanga amadziwa bwino kuti galu sayenda ndi meticais. Chimene amachitira galuyo n'china: timibuluto tikauma amatiwaza mafuta ndi zonunkhiritsa kunja, chifukwa galu amagula ndi mphuno. Ndiye kuti katundu mmodzi ali ndi chikomekome chiwiri, china chonyengerera maso a bwana, china chonyengerera mphuno ya wantchito wake wausiku.

Chodabwitsa n'chakuti malonda onsewa anabadwira padoko. Cha m'ma 1860, James Spratt, munthu wa ku America amene anapita ku England, anayamba kugulitsa mabisiketi a agalu ku London, ndipo nkhani imati nzeruyo inam'bwerera ataona agalu akulimbirana mabisiketi otsala a amalinyero. Kunena kwina, makolo a galu wopesedwa uja anali a Dziwazako akumeneko. Mu 1922 ku United States kunatuluka Ken-L Ration, nyama ya kavalo ya m'chitini. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itavuta, zitini zinasowa, opanga n'kutembenukira ku chakudya chouma cha m'matumba. M'ma 1950 kampani ya Purina inayamba kuphika phala pamoto waukulu n'kulikankha ndi makina pa tizibowo kuti lituluke timibulu tofufuma. Kuyambira pamenepo galu wam'tauni wakhala akudya chinthu chofanana tsiku ndi tsiku, chimene chimasintha ndi chithunzi.

Nanga nyerere? Zinaonekera poyera mu 2007. Agalu ndi amphaka ambiri ku United States ndi Canada anayamba kudwala impso, ena n'kufa, ndipo mu March chaka chimenecho zakudya za mayina ambirimbiri zinachotsedwa m'masitolo. Ku South Africa nakonso agalu anafa ndi vuto lomwelo. Atafufuza anapeza kuti mu ufa wina wochokera ku China munali melamine, mankhwala opangira mbale zolimba za pulasitiki. Anathiramo dala. Kayezedwe ka zomanga thupi kamawerenga kuchuluka kwa nayitirojeni, ndipo melamine ali nayo yambiri, choncho ufa wachabechabe unkaoneka wapamwamba. Nyerere za makolo athu zinkangobisala. Za masiku ano zinapita kusukulu, zimalemba mayeso n'kukhoza.

Komatu tisalinamizire thumba ngati kuti ntchito yake ndi bodza lokha. Thumba labwino lili ndi zikopa zingapo zomatana: chakunja cholembapo, chapakati nthawi zina cha aluminiyamu choletsa mpweya ndi kuwala, ndi cham'kati chokhudza chakudya. Mafuta akakumana ndi mpweya amasintha fungo n'kuyamba kuwawa, n'chifukwa chake ena asanamate amatulutsamo mpweya wamba n'kupoperamo nayitirojeni. Chinyontho chikalowa chimabala chuku, ndipo chuku china cha m'chimanga chimatulutsa aflatoxin, poizoni wowononga chiwindi cha galu ndi cha munthu yemwe. Zipi uja sanamuike kuti akongoletse. Ndi mlonda.

Apa m'pamene mwambi wathu umatitembenukira ife eni gombe. Taonani ulendo wa usipa. Nthawi ya mvula, kuyambira December mpaka March, dzuwa limachita ulesi, usipa umagona pathandala uli wonyowa, ntchentche n'kuikira mazira. Umene wapulumuka umalongedwa m'saka lomwe dzana munali chimanga, n'kuponyedwa pagalimoto yokwera mapiri kupita ku Lichinga, mtunda woposa makilomita 100, munthu wonenepa atakhalira pamwamba pake. Pofika kumeneko pansi pa saka pamakhala pali ufa wa nsomba. Galu wa ku Maputo chakudya chake chimayenda m'zikopa zitatu, pamene ndiwo za ana athu zimayenda pansi pa matako a mlendo. Nkhuyu yathu ilibe chikomekome, zoona, koma nyerere ili nazo.

Chimene usipa wapamulu umaposera thumba n'chimodzi: umalola kufunsidwa mafunso. Pamsika umaugwira, umaununkhiza, umauthyola kuti umve ngati wauma.

"Amayi, ndilaweko? Wina uja unali wowawa."

"Lawani bambo, koma kamodzi. Si nkhomaliro ino."

Ukalawa n'kupeza kuti suwawa, umagula, n'kupemphanso basela. Yesani kupempha basela kwa thumba la zipi.

Ndiye mwambi uja tiumvetse bwino. Akuluakulu sanatiuze kuti tizisankha nkhuyu yonyansa, ngati kuti kuipa kwa nkhope ndi umboni wa mtima wabwino. Anatiuza kuti tizing'amba tisanaike m'kamwa. Thumba lomata limang'ambidwa politembenuza. Kutsogolo kumalankhula wotsatsa malonda, ndi zilembo zazikulu. Kumbuyo kumalankhula lamulo, ndi tizilembo tofuna magalasi. Pamndandanda wa zosakaniza, chochuluka ndicho chimayamba kulembedwa, ndipo m'matumba ambiri otsika mtengo choyambacho ndi chimanga. Nkhuku ya pachithunzi ija imabwera m'mbuyo, ili ufa. Dziwazako atamva kuti msuweni wake wam'tauni nayenso amagonera nsima, kungoti yake ndi yamibulu, mtima ungakhale pansi.

Mukatha mndandanda, funani pamene palembedwa validade, tsiku lothera ntchito. A boma oyang'anira malonda amayendera masitolo n'kulanda katundu wotha nthawi, koma sangakhale nanu pa shelefu iliyonse. Kenako sisitani thumbalo m'makona, poti kabowo kolowa singano n'chipata chokwanira kwa nyerere zenizeni, zosaphunzira zija. Mukafika nalo kunyumba, tsekani zipi mukatapa, lichotseni padzuwa, ndipo musalikhazike pansi ponyowa. Malangizo omwewa ndi a paketi ya mkaka wa mwana, ya bisiketi, ya mbewu ndi ya mankhwala. Enanso amati ndi a munthu wodzafunsira mbeta atavala suti yobwereka, koma ameneyo alibe polemba validade.

Kutsidya ku Malawi ena anayamba kuumitsa usipa m'matenti a pulasitiki otenthedwa ndi dzuwa, momwe ntchentche ndi fumbi sizilowa, n'kumaulongedza m'mapaketi oonekera m'kati. Nzeru imeneyo ndiyo ndikanakonda itawoloka nyanja: thumba loteteza ngati la galu wam'tauni, koma lokhala ndi zenera kuti wogula aone chimene akulipira. Usipa wa ku Metangula susowa wojambula. Umasowa chouteteza kumvula ndi kumatako.

Podikira tsikulo, anthu akuno sataya kanthu. Thumba la galu likatha ntchito m'nyumba ya bwana ku Lichinga, limatsika phiri ndi wachibale wogwira ntchito kumeneko, mayi n'kulitsuka ndi sopo, kuliyanika, n'kuthiramo usipa wouma. Limagwira bwino ntchito: chinyontho sichilowa, mphemvu imazungulira n'kubwerera. Dziwazako, amene chithunzi sichinamukope, tsopano sachokapo pambali pake.

Vuto limabwera tsiku limene apongozi afika. Akhala pamkeka, alonjeredwa, ndipo akuona ndi maso awo mkamwana akutsegula zipi, n'kutapa ndiwo m'thumba lojambulidwa galu wotulutsa lilime. Mungafotokoze mpaka dzuwa kulowa kutsidya kwa nyanja kuti kunja kokha ndiko kuli galu, m'kati muli usipa wabwino wa dzulo. Iwo amangogwedeza mutu, n'kusamba m'manja pang'onopang'ono, n'kunena kuti: "Ayi ana anga, ine lero m'mimba simuli bwino. Ngati kuli chigwada, mundipatse chomwecho."