Mukaitanidwa kukaona gulu la Yes, chiuno muchisiye kunyumba

Abale athu okhala ku Britain, izi zidzakuonekerani tsiku lina, ndiye ndi bwino mudziwiretu. Bwana wa kuntchito, kapena neba wa imvi uja mumapatsana naye moni pampanda, adzabwera akumwetulira matikiti awiri ali m'manja. Adzati mayi akunyumba akana, ndiye mwayi wokaona gulu loimba la Yes wagwera inu. Musafunse chimene mayiwo akanira. Iwo anaperekezako kale ali pachibwenzi cha m'ma 1970, ndipo msana ukuwakumbutsabe mpaka lero. Inu vomerani, tikitiyo ndi yodula ndipo munthuyo wakukondani. Koma musanyamuke musanamve izi.

Nyimbo zimene mukukamverazi eni ake amazitcha progressive rock, kapena prog akafupikitsa. Zinabadwira ku England kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, anyamata ena ataona kuti kanyimbo ka mphindi zitatu kodandaula za chibwenzi kakuwachepera. Ena mwa iwo anali ataphunzira nyimbo mozama: Chris Squire, woimba besi wa Yes, anakulira m'kwaya ya kutchalitchi, ndipo Rick Wakeman wa makiyibodi analowako ku Royal College of Music ku London. Tsono anatenga magitala amagetsi n'kuyamba kupeka nyimbo zokhala ndi zigawo, chigawo chilichonse ndi mutu wakewake. Chimene chinkawaimitsa si chisoni pa omvera ayi, koma chimbale cha galamafoni, chimene mbali yake imodzi inkangolandira mphindi 20 ndi kakuti. A gulu la Jethro Tull anapeza njira yozembera vutoli mu 1972. Thick as a Brick ndi nyimbo imodzi yoposa mphindi 40: imafika kumapeto kwa mbali yoyamba, inu n'kudzuka kukatembenuza chimbale, iyo n'kupitiriza pamene inalekera.

Nthawi yolembedwa pa tikiti ndi yeniyeni. Palibe zoti oimba akadali kumalo ogona, kapena zoti tikudikira jenereta. Mukachedwa ndi theka la ola mudzangophonya nyimbo imodzi kapena ziwiri, koma mudzaponda mapazi a anthu mumdima, ndipo sadzakuiwalani usiku wonse.

Za kavalidwe musavutike nazo. Suti yonyezimira ija munatchena nayo pa ukwati wa ku Leicester ibwezereni m'sutikesi. Kumeneku ulemu wa munthu uli pa kutha kwa malaya ake. Mudzaona bambo wa dazi ndi ndevu zoyera atavala sikipa imene kale inali yakuda, kumsana yolembedwa mayina a mizinda ndi chaka cha 1977, kutsogolo mimba itaikoka mpaka zilembo zinatalikirana. Ameneyo ndi wolemekezeka m'holo yonse, mupatseni njira. Pachifuwa pa ambiri padzakhala zithunzi za miyala yoyandama m'malere ndi mitengo yopindika modabwitsa. Wojambula wake ndi Roger Dean, amene anayamba kukongoletsa zikuto za zimbale za Yes pa Fragile mu 1971. Musafunse kuti malo amenewo ali m'dziko liti. Nenani kuti ndi okongola, basi.

Nkhani yaikulu, imene anthu amachita nayo manyazi, ndi ya chikhodzodzo. Nyimbo ya Close to the Edge, ya mu 1972, imatenga mphindi zoposa 18. Mu 2022, pokumbukira kuti chimbalecho chakwanitsa zaka 50, gululi linayenda m'mizinda ya ku Britain likuchiimba chonse kuyambira poyamba mpaka pomaliza: nyimbo zitatu zokha, koma mphindi pafupifupi 38. Tsono inu mukakhuthula mabotolo atatu musanalowe, poganiza kuti mudzatuluka nyimbo ikatha, mwalemba m'madzi. Mpando wanu uli pakati pa mzere, ndipo kuti mudutse ayenera kuimirira anthu amene maondo awo amalira akamadzuka. Nthawi yopuma ikakwana thamangani, pakuti kuno zinthu n'zotembenuka. Kuchimbudzi cha amayi kuli zii. Mzere wa abambo wafika mpaka pamasitepe, ndipo ukuyenda mwakachetechete komanso mwapang'onopang'ono, pa zifukwa zimene madokotala a amuna achikulire amazidziwa bwino.

Pali mpata umodzi wothawira umene odziwa amagwiritsa ntchito. Woimba akanena kuti tsopano tikupatsani nyimbo ya m'chimbale chathu chatsopano, mudzamva mipando ikulira holo yonse. Yes imatulutsabe zimbale, The Quest mu 2021 ndi Mirror to the Sky mu 2023, ndipo anthu ake amagula mokhulupirika. Koma chimene analipirira tikiti ndi unyamata wawo, ndipo unyamatawo uli m'nyimbo za pakati pa 1971 ndi 1977. Tsatani khamulo.

Tsopano za chiuno. Ife tinazolowera kuti ng'oma ikalira thupi limayankha lokha osadikira chilolezo. Kuno aliyense wakhala pampando, manja pamaondo, maso kutsogolo. Sikuti ndi ukalamba wokha ayi, nyimbozi anazipanga kuti phazi lisochere. Nyimbo wamba mumawerenga kanayi n'kubwerezanso, mpaka kutha. Awa amawerenga kasanu ndi kawiri, kenaka kasanu, kenaka wa ng'oma amalowera kwake, wa gitala kwakenso, n'kukakumana kutsogolo pamalo pamene anapangana okha. Mukayesa kuomba m'manja motsatira, mudzapezeka mwaomba nokha pamalo popanda kanthu, ndipo bambo wa kumanzere kwanu adzakuyang'anani kudzera pamwamba pa magalasi. Chololedwa ndi kugwedeza mutu pang'onopang'ono mutatsinzina. Ubwino wake ndi wakuti wogwedeza mutu chifukwa nyimbo yamulowa ndi amene akusinza sasiyana, bola musalize mkonono.

Nyimbo ikati zii musafulumire kuimirira. Sinathe, yangomaliza chigawo choyamba mwa zinayi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Diso lanu likhale pa mkulu wa sikipa ya 1977 uja: akadzuka iye, dzukani. Nthungululu ayi. Kupita kutsogolo kukafupa oimba ndi ndalama ayi, alonda sadzamvetsa cholinga chanu.

Mtima udzafuna kufunsa kuti pa anthu asanu ali pasitejiwo, amene anayambitsa gululi ndi uti. Gwirani pakamwa, chifukwa yankho lake ndi lakuti palibe. Yes inayamba ku London mu 1968 ndi Jon Anderson, Chris Squire, Peter Banks, Tony Kaye ndi Bill Bruford. Squire, yekhayo amene sanachokepo chiyambire, anamwalira mu 2015 atasankha Billy Sherwood kuti agwire besi m'malo mwake. Alan White, amene anakhala pang'oma kuyambira 1972, anatisiya mu 2022. Wamkulu amene watsala ndi Steve Howe wa gitala, wobadwa mu 1947, koma nayenso anabwera mu 1970 zinthu zitayamba kale. Kwa ife izi si zachilendo. Dzina la ufumu silifa, amafa ndi olitenga, ndipo wolowa m'malo amakhala pampando womwewo n'kumaweruza milandu m'dzina la malemu. Ndipo monga ufumu uliwonse wokhala ndi phindu, uwunso analimbiranapo. Mu 2017 ndi 2018 panali magulu awiri oyenda ndi dzina la Yes, lina la Howe ndi White, lina la Anderson, Trevor Rabin ndi Wakeman, lililonse ndi anthu ake olumbira kuti enawo ndi olanda. Inu ndinu mlendo m'mudzi muno, za mbumba ya eni musazilowerere.

Woimba wa mawu okwera amene mukumuonayo ndi Jon, koma si Jon uja. Uyu ndi Jon Davison wa ku America, wobadwa mu 1971, ndiye kuti pamene Close to the Edge imatuluka n'kuti iye akuphunzira kuyenda. Iye asanabwere mu 2012 panali Benoît David wa ku Canada, amene anamupeza pa intaneti akuimba m'gulu lotsanzira Yes, Anderson atadwala mu 2008. Achinyamata amene mumanyozedwa kuti mumangotsanzira nyimbo za eni, mwamva nokha kuti ntchito imeneyi ili ndi tsogolo.

Pa nthawi yopuma wina adzakufunsani nyimbo imene mumaikonda kwambiri, ndipo apa ndi pamene ambiri amagwera m'mbuna. Nyimbo ya Yes imene mwina munaimvapo pa wailesi ndi Owner of a Lonely Heart ya mu 1983, imene inafika pa nambala 1 ku America. Amene anaiyamba kupeka ndi Trevor Rabin, mwana wobadwira ku Johannesburg, ndiye mudzafuna kunyadira kuti ndi wa kwathu kummwera kwa Africa. Dzigwireni. Kwa akuluakulu a sikipa zotuwa nyimbo imeneyo ili ndi milandu itatu: ndi yaifupi, imavinika, ndipo inakondedwa ndi anthu ambiri. Yankho losakupalamulitsani ndi kupukusa mutu mwachisoni n'kunena kuti zinthu sizinakhalenso bwino chichokereni Bruford. Bruford anachoka mu 1972 kupita ku gulu la King Crimson. Papita zaka zoposa 50, koma mudzapeza wina wokugwirani chanza, mwinanso wokugulirani chakumwa, chimene simuyenera kumwa pa chifukwa tanena kale chija.

Tanthauzo la mawu a nyimbo musalifunefune, ngakhale Chingerezi chanu chikhale cha ku yunivesite. Anderson ankasankha mawu ambiri chifukwa cha mmene amamvekera m'khutu, zoti akutanthauzanji zinkabwera pambuyo. Tales from Topographic Oceans ya mu 1973, nyimbo zinayi zokha pa zimbale ziwiri, mphindi zoposa 80, inachokera pa timawu ta m'munsi mwa tsamba m'buku la Autobiography of a Yogi. Osati buku lonse, timawu ta m'munsi tokha. Ngakhale Wakeman zinamukwana. Iye mwini amasimba kuti tsiku lina ku Manchester, ali pasiteji pakati pa nyimbo yaitali imene analibemo chochita chambiri, anamubweretsera curry, iye n'kudyera pomwepo pakati pa makiyibodi ake. Ameneyu ndi munthu amene ankaimba atavala mkanjo wonyezimira wofika kumapazi. Mu 1974 anachoka, anabwereranso, n'kuchokanso, kangapo konse. Inu musatengere. Iye anali pantchito, inu mukatulutsa kamba m'chikwama akutulutsani.

Foni nayo ikhale m'thumba. Ku Yes mwina angokuyang'anani ndi diso loipa, koma ku King Crimson, mtsogoleri wake Robert Fripp ankaletseratu kujambula. Anthu ankaloledwa kutulutsa mafoni pamapeto pokha, woimba besi Tony Levin akayamba watulutsa kamera yake.

Ndikuchenjezeninso za ngozi ina imene wokuitananiyo sadzakuuzani: zikhoza kukukomerani. Steve Howe adzatulukira, nkhalamba yowonda, tsitsi loyera likulendewera m'makutu, magalasi pamphuno, moti mudzafuna kumupatsa mpando wanu. Kenaka adzakoleka Gibson ES-175, mtundu wa gitala umene wakhala nawo kuyambira 1964, ndipo zala zidzayamba kuthamanga osaphonya, nkhope ili gwaa. Pambali pake pali gitala lina lomangirira pachoimikira, kuti alifikire pakati pa nyimbo osavula loyambalo. Ndiye mkati mwa Close to the Edge, chipwirikiti chonse chija chikatha, pamatsala mawu a oimba akulandizana mofatsa, mpaka mwadzidzidzi limba lalikulu la m'tchalitchi limakugwerani, mpando n'kunjenjemera. Pa chimbale choyambirira Wakeman analiimba m'tchalitchi chenicheni, St Giles-without-Cripplegate ku London. Mukacheukira kwa bwana wanu uja, amene kuntchito sadziwa nkhani ina koma malipoti, mudzapeza wavula magalasi akupukuta m'maso ndi chala chachikulu. Nyimboyi anaimva koyamba ali mnyamata wapasukulu, mwina m'chipinda cha mkulu wake amene pano kulibe. Musamufunse kanthu, ndipo Lolemba musakazitchule ku ofesi.

Ineyo anthu amenewa ndimawaseka, ndipo sindisiya, koma pa luso ndilibe nawo mlandu. Achinyamata oimba nyimbo za punk anawanena cha m'ma 1977 kuti ndi zinyama zakale zoyenera kutha. Ambiri mwa magulu a achinyamatawo anabalalika zaka zisanathe zingati, nkhalambazi zikuimbabe nyimbo zimene oimba ambiri sangazikwanitse ngakhale mutawapatsa chaka chokonzekera.

Akatsanzika n'kutuluka musathamangire pakhomo. Ndi mwambo chabe: iwo amabisala kuseri, inu mumaomba m'manja, iwo amabwerera ngati adabwa. Kawirikawiri pamenepa pamabwera Roundabout ya mu 1971, ndipo ndi pamene holo yonse imaimirira osakhalanso pansi. Ngati chiuno munabwera nacho mozemba, mphindi 8 zimenezi ndi zanu, koma mosamala, chifukwa oyandikana nanu ena chiuno chawo n'chachitsulo choikidwa kuchipatala.

Ndipo musanene kuti mudzapita ulendo wina. Gulu la Genesis linatsekera ku holo ya O2 ku London mu Malichi 2022, Phil Collins akuimba atakhala pampando, mwana wake Nic ali pang'oma. King Crimson inaimba komaliza ku Japan mu Disembala 2021. Howe anadutsa kale zaka 75. Tikiti ikabwera landirani ndi manja awiri, funsani nthawi ya sitima yomaliza yobwerera kwanu, ndipo yambani mwapita kuchimbudzi musanakhale pansi.