Bambo a Lusayo atsegula kampani ya ndege

Mlembi wa danga lino, yemwe kwawo ku Chitipa amangomutchula kuti bambo a Lusayo, sanakwerepo ndege chibadwire. Komabe tsiku lina anadzuka ali lunda, akufunsa chifukwa chimene a Malawi Airlines amaulukira ku Johannesburg, Lusaka, Nairobi ndi Dar es Salaam, koma ku Chitipa osaponda. Pajatu kalelo, boma lino likutchedwa Fort Hill, ndege za Wenela zinkatera konkuno kudzatenga amuna opita kumigodi ya ku Joni, ndipo mu February 1959 anthu a chipani cha Congress anatseka bwalo la ndegelo mpaka kunabwera achitetezo. Lero wodikira ndege ya apaulendo pamenepo angamere imvi.

Mphwake wina wodziwa masamu anamukhazika pansi. Kampaniyo inayamba kuuluka mu January 2014, boma lili ndi magawo 51 pa 100, otsalawo ndi a Ethiopian Airlines, ndipo ndege zake n'zowerengeka pa zala. Boeing 737, yonyamula anthu oposa 100, amaiponya kumene kuli kutali komanso okwera ngochuluka, monga ku Johannesburg. Q400, ndege ya mafani yomwe okwera ake safika 80 ndipo simwa mafuta kwambiri, imayenera maulendo afupiafupi, monga Lilongwe ndi Blantyre. Mpando ukauluka wopanda munthu, ndalama yake yapita, sungaugulitse mawa. Masipeya amafuna madola, ndipo ndege ikangokhala pansi imadyabe ndalama. Air Malawi inatsekedwa mu 2013 itamira m'ngongole.

"Ndiye amalume, ku Chitipa kuno okwera tsiku ndi tsiku angakwane angati?"

Amalumewo sanayankhe, maganizo anali atapita kale kwina. Iwonso ndege ali nazo ziwiri: Sienta yakale yotsegukira chitseko panja pokha, ndi njinga yamoto yomwe amayendetsa mnyamata wa kabaza. Usiku womwewo anang'amba pepala m'kope la Lusayo n'kugawa njira. Sienta inakhala Boeing, yoyenda pa msewu wa phula wa makilomita pafupifupi 100 wopita ku Karonga. Njinga inakhala Q400, yokhotera pa Kapoka kukwera mapiri a Misuku kwa alimi a khofi.

Dyera ndi limene linasokoneza. Atamva kuti njira ya ku Nthalire galimoto n'zochepa ndipo mtengo ngokwera, bwana wamkuluyu anasamutsira Boeing yake kumeneko, m'dzinja. Inatitimira m'matope mpaka m'mimba isanafike n'komwe ku Wenya. Anagonamo, nsapato imodzi inatsalira pansi pa thope, ndipo anyamata okankha anatenga zonse zimene okwera analipira, n'kupemphanso ya sopo.

Anabwerera ku njira ya Karonga ali mutu pansi, ndipo apa zinthu zinaoneka ngati zakoma. Galimoto inkadzaza isanafike pa siteji. Kutsogolo kunkakhala apongozi opita kuchipatala, kumbuyo alamu awiri ndi matumba awo, mkulu wa mpingo, ndi msuweni yemwe ubale wake unadziwika m'mawa womwewo. Bambo a Lusayo ankayendetsa akuimba mluzu, chigongono chili pawindo, akudabwa kuti akuluakulu a ndege amavutika ndi chiyani kudzaza mipando.

Pakutha pa mwezi mayi a Lusayo anaitanitsa pepala lija. Kumbali ya Boeing kunalowa nkhuku imodzi yathadzi, mkoko wa nthochi ndi madalitso ambirimbiri. Kunatuluka mafuta, tayala ndi sipuling'i. Kumbali ya njinga, yomwe imanyamula mmodzi ndipo wachibale aliyense amaiopa chifukwa cha msana, kunatsala ndalama yogulira ufa ndi sopo.

"Bambo a Lusayo, mipando yanu imadzaza ndithu," anatero mayiwo akupinda pepalalo, "koma olipira akukwera za anzanu."

Sabata yomweyo njira zinagawidwanso, bwana osafunsidwa. Makiyi a njinga ali pa mpango wa mayi. Boeing yaimikidwa pansi pa mtengo wa mango, ndipo nkhuku ya apongozi ija yayamba kuikira pa mpando wa dalaivala. Mwini kampani wapatsidwa njira imodzi, yochokera pakhomo kupita kuchigayo, pa njinga yakapalasa, Lachiwiri ndi Loweruka.