Mpweya Waulere, Nanga Tikuuguliranji?

Ine sayansi sindinapite nayo patali, choncho inu odziwa mundikhululukire ngati mafunso anga akumveka achibwana. Loyamba ndi ili. Mpweya uli paliponse, ndipo aliyense amapuma ulele, ngakhale mbuzi. Nanga zinatheka bwanji kuti mu January 2021, mliri wa Covid-19 utafika povuta, odwala m'zipatala ankasowa mpweya, achibale ali pikitipikiti kusaka masilinda? Pa 12 mwezi umenewo nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi, ndipo Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza kuti dziko lili pa ngozi. Aliyense ankangoti okosijeni wachepa. Wachepa bwanji mawindo a m'wodi ali otsegula?

Akuti mpweya umene timapumawu ndi wosakaniza. Pa magawo 100 alionse, 78 ndi nayitrojeni, amene amangolowa m'mapapo ndi kutuluka osagwira ntchito iliyonse. Okosijeni ndi magawo 21 okha, ndipo kotsalako kwambiri ndi argon. Munthu wabwinobwino 21 imeneyi imamukwanira. Amene mapapo ake atupa amafuna woposa pamenepo. Chabwino, ndamva. Koma ngati okosijeniyo ali kale m'mpweya wa pa Ginnery Corner ku Blantyre, n'chifukwa chiyani tinkadikira kuti abwere pa lole?

Yankho lake akuti ndi mbiri. Mu 1895 Mjeremani wina, Carl von Linde, anapeza njira yoziziritsira mpweya mpaka kusanduka madzi. Ukatero umalekanitsika, chifukwa nayitrojeni amawira pa madigiri 196 kunsi kwa ziro pamene okosijeni amawira pa 183. Njirayi imatulutsa okosijeni woyera zedi, woposa 99 peresenti, koma imafuna fakitale yaikulu ndi magetsi ambiri. Ndiye mpweya umapangidwa kutali, n'kuupakira m'masilinda achitsulo. Silinda yaikulu ya m'chipatala imalemera makilogalamu oposa 60 ndipo imasunga malita pafupifupi 6,800. Ndinayesa kuwerengera: wodwala amene akulandira malita 10 pa mphindi amaimaliza m'maola 11. Kodi ndiye kuti dizilo yense uja timawotchera kunyamula chitsulo, kupita chodzaza, kubwerera chopanda kanthu?

N'chifukwa chake, akutero odziwa, zipatala zinayamba kuika makina awoawo. Chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre chinalandira oterowo mu 2020 ndi thandizo la bungwe la Wellcome. Pa wailesi amati makina opanga okosijeni. Koma amamupanga kuchokera ku chiyani? Apa m'pamene ndinadabwa kwambiri. Makinawo sapanga kanthu, amangosefa ngati mmene amayi amasefera ufa. Pali mathanki awiri odzaza timibulu totchedwa zeolite. Kompuresa ikakankhira mpweya mwamphamvu m'thanki yoyamba, timibuluto timagwira nayitrojeni, okosijeni n'kudutsa. Tikakhuta, makina amatembenuzira mpweya ku thanki yachiwiri, yoyamba ija n'kuphwetsedwa kuti nayitrojeni atulukire kunja. Zimangosinthana choncho usana ndi usiku, ndipo kaphokoso ka tsiii kamene kamamveka kanthawi ndi kanthawi ndi nayitrojeni akutayidwa. Njirayi amaitcha PSA, ndipo injiniya wa kampani ya Esso ku America, Charles Skarstrom, analandira chiphaso cha umwini wake mu 1960.

Okosijeni wotuluka mmenemo amakhala wa pakati pa 90 ndi 96 peresenti, chifukwa argon amadutsa naye limodzi. Ndinafunsa ngati uku si kupatsa odwala katundu wa sekondi. Ayi, akuti mlingo umenewu ndi wovomerezeka m'zipatala padziko lonse.

Mpaka apa nkhani ikukoma, moti munthu angafunse kuti bwanji osangoika makina pa chipatala chilichonse cha m'boma n'kuiwala za malole. Koma funso langa lina linali laling'ono: kodi mpweya umene kompuresa ikukokawo ndi woyera? Ine ndimauona woyera. Akuti ayi ndithu. Muli fumbi, muli utsi wa galimoto, koma mdani wamkulu ndi madzi. Kukatentha madigiri 30, mpweya wa kiyubiki mita imodzi ungasunge chinyezi chokwana magalamu 30. Tiyerekeze kuti uli ndi magalamu 20 okha, ndipo kompuresa ikukoka makiyubiki mita 300 pa ola. Amenewo ndi malita 6 a madzi ola lililonse. Mpweya ukapanikizidwa n'kuzizira, chinyezi chija chimasanduka madontho m'mapaipi. Onjezanipo oyilo, pakuti makompuresa ambiri amayendera oyilo, ndipo wina amathawira mumpweya ngati nkhungu. Madzi ndi oyilo zikafika pa zeolite zimamata timabowo take, ndipo sagwiranso nayitrojeni. Makina amapitiriza kulira bwinobwino, magetsi akudyeka, koma chotuluka ku paipi n'kumayandikira mpweya wamba. Wodwala wavala chigoba kumphuno, achibale mitima yakhala pansi. Ndani angadziwe ngati palibe amene akuwerenga kachida koyezera?

Ndiye kutsogolo kwa mathanki aja kumakhala mzere wa alonda. Choyamba chimapatula madontho a madzi. Kenako pali chowumitsa, chimene chimaziziritsa mpweya kufika pa madigiri atatu kuti chinyezi chigwe, ndi mafyuluta otsatizana, omaliza ogwira tinthu ta 0.01 micron, pamene tsitsi limodzi ndi lonenepa mamicron pafupifupi 70. Pomalizira pali makala okonzedwa mwapadera amene amamwa fungo la oyilo. Palinso muyezo wa padziko lonse, ISO 8573-1, umene umaika mpweya m'magulu potengera fumbi, madzi ndi oyilo. Oyilo ndi woopsanso mwa njira ina: akakumana ndi okosijeni wopanikizidwa amatha kubuka moto popanda machesi. N'chifukwa chake amisiri amaletsa kupaka girisi pa mavalavu a silinda.

Kodi zimenezi ndi za zipatala zokha? Ayi. Paketi ya tchipisi ya m'golosale, imene timadandaula kuti theka ndi mphepo, imakhala ndi nayitrojeni, kuti mafuta asavunde ndi tchipisi zisaphwanyike. Makina ake ndi a mtundu womwewo, kungoti timibulu take ndi ta makala, timagwira okosijeni n'kulola nayitrojeni kudutsa. Wina akutaya chimene mnzake akufuna. Ndinatsala pang'ono kufunsa chifukwa chimene chipatala ndi fakitale ya tchipisi sizimangidwira moyandikana, koma ndinaopa kusekedwa. M'malabotale oyeza zakudya, mankhwala ndi madzi, makina ena amafuna hayidirojeni, ndipo m'malo mosunga silinda yowopsa m'chipinda amaika kabokosi kamene kamaphwanya madzi oyera ndi magetsi n'kutulutsa wochepa amene akufunika nthawi imeneyo. Ngakhale wopenta galimoto amadziwa kuti kadontho ka madzi m'paipi ya kompuresa kamawononga utoto wa chitseko chonse.

Tsono magetsi akathima? Makina amaima pompo. Mu January 2022 namondwe Ana anawononga damu la Kapichira pa mtsinje wa Shire, ndipo dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Chipatala chokhala ndi makina a PSA chimafunabe jenereta, dizilo wake, ndi masilinda odzaziratu. Komanso mpweya wopanikizidwa ndi wodula, chifukwa mbali yaikulu ya magetsi a kompuresa imathera m'kutentha, ndipo m'mafakitale osasamalidwa magawo 20 mpaka 30 pa 100 a mpweya amathawira m'malo obooka. Waulere uja wathera pati?

Chimene chikundizunguzabe mutu ndi ichi. Makina otere akamatsegulidwa pamakhala nduna, riboni, kwaya ndi atolankhani. Sindinamvepo mwambo wosinthira fyuluta. Komatu fyuluta imafuna kusinthidwa maola ake akakwana, oyilo wa kompuresa chimodzimodzi, ndipo zipangizo zotere timaitanitsa kunja ndi ndalama zakunja zimene timalira tsiku ndi tsiku. Opereka thandizo amakonda kugula chinthu chachikulu chojambulika. Nanga kanthu kakang'ono kamene kamateteza chachikulucho kali m'bajeti ya ndani? Mmisiri amene amadziwa kumva kuti kompuresa yasintha kulira, alipo pa chipatalapo kapena mpaka achoke ku Lilongwe, galimoto ikapezeka? Usiku ndani amayang'ana nambala ya peresenti ija?

Inu a komiti ya chipatala, makhansala ndi aphungu, mukadzapita kokaona makina a okosijeni a kwanuko, musadzakhutire pongomva kuti akulira. Dzapempheni buku la sevisi, muone tsiku limene fyuluta inasinthidwa komaliza.