Chigayo chovina malipenga

M'bale wanuyu, amene makina okhawo omwe amawadziwa ndi njinga yakapalasa yopanda mabuleki, wasanduka injiniya. Chamusandutsa ndi mtengo wopunthitsira mpunga, womwe wakweranso pa chigayo china cha kufupi ndi Chia ku Nkhotakota. Mwini chigayo akuti ndalama zikuthera kugula mabering'i a fani youluza mankhusu. Faniyo akangoiliza imayamba kuvina malipenga, malata a padenga n'kumavomereza nyimbo.

Pamzere akuti ndi ufiti wa wachigayo mnzake. M'bale wanuyu akadakonda zikadakhala choncho, poti ufiti sufuna masamu.

Koma mlandu uli ndi shafuti. Shafuti iliyonse ili ndi liwiro lake limene imayambira kupindika n'kunjenjemera, lomwe mainjiniya amati critical speed. Ikakhala yaitali, yowonda, itasenza fani yolemera, mabering'i n'kutalikirana, liwirolo limatsika ndipo gule amayamba msanga. N'chifukwa chake opanga mafani ambiri amafuna kuti liwiro lovinirali lipose logwirira ntchito ndi 25 peresenti kapena kuposerapo. William Rankine wa ku Scotland adalemba za gule ameneyu mu 1869, a Jumbe akulamulirabe Nkhotakota. Uthenga wake udakali m'njira, mwina wakodwa m'maenje a msewu wa M5.

Mota zambiri pa magetsi athu zimazungulira pafupifupi ka 1,450 pa mphindi. Bwana wa chigayo chija, poona kuthimathima kwa magetsi, adasintha pule kuti matumba ambiri atuluke asanathime. Shafuti idathyoka. Yatsopano idali itakwera mtengo kuchokera pomwe kwacha idagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndiye wowotcherera adamupezera ina yowondako. Apo ndiye ng'oma idalowa m'bwalo, ndipo fani idakwezedwa udindo kukhala kaputeni wa gulu.

Chosaseketsa n'chakuti amayi obereka ana kumsana amatchera matumba mkono umodzi kuchokera pa chitsulo chopanda chotchinga, chimene tsiku lina chidzaphonya sitepe. Otolera msonkho amafika mosaphonya. Wodzayeza makina m'bale wanuyu sadamuonepo.

Zonsezi adazifotokozera bwanayo, mpaka kujambula pansi ndi kamtengo.

"Achimwene, mwabwera kudzapunthitsa kapena kudzaphunzitsa?"

Adapunthitsa, pa mtengo watsopanowo, ataima panja kuseri kwa mtengo wa mango.