Chiperoni chinandipeza pa Bvumbwe

Gulu lathu la okwera njinga limakonda kupita ku Mulanje m'miyezi yozizira, poti dzuwa siliwotcha. Loweruka m'mawa timanyamuka ku Limbe kudzera ku Thyolo, n'kukagona m'matenti ku Likhubula m'munsi mwa phiri, Lamlungu n'kubwerera pa msewu wa Midima. Pamakhala galimoto yonyamula katundu ndi madzi, komanso munthu mmodzi wopalasa kumbuyo kwa onse kuti wina asasiyidwe panjira. Ulendo wanga woyamba unali mu July, ndipo mpaka lero ndikaukumbuka mtima umandiwawa.

Anzanga akuponya zikwama m'galimoto, ine bulangeti, juzi ndi zovala zosinthira ndinali nditazimanga kale pa keriya ndi mphira.

"Achimwene, bweretsani kuno katunduyo," anatero woyendetsa.

Ndinakana. Ndinkafuna aone kuti mlendoyu si wolemetsa anthu. Ngakhale jumbo yokulungira sindinaiganize.

Chiperoni chinatipeza pa Bvumbwe, amayi akuyala kumene kabichi ndi tomato m'mbali mwa msewu. Amene sanapalasepo m'chiperoni amachiyesa nkhungu wamba. Si mvula yoti mungathawire pakhonde ayi. Ndi mawawa obwera ndi mphepo yochokera ku Mozambique, ndipo munthu umazindikira mochedwa kuti wanyowa mpaka kabudula wamkati. Zala zinachita dzanzi pa handulo. Choopsa kwambiri n'chakuti malimu akanyowa, mabuleki amachedwa kugwira, pomwe msewu wa m'minda ya tiyi ya ku Thyolo uli ndi mitsetse yaitali yokhotakhota. Pa khona lina ndinafinya mabuleki onse awiri, njinga osamva. Ndinapezeka ndili m'ngalande, bondo likutuluka magazi, gudumu lakutsogolo litapindika.

Amene anandidzutsa ndi bambo wina wachikulire, wa imvi, yemwe tsikulo ankapalasa kumbuyo. Sanandikalipire. Anamasula buleki yakutsogolo kuti gudumu lizizungulira, tinatsika pang'onopang'ono mpaka pa Luchenza, pomwe wokonza njinga za akabaza anakunga masipoko gudumu n'kuwongoka. Tinakhota pa Chitakale kukuda, n'kufika ku Likhubula anzathu atamanga kale matenti.

Apa ndi pamene ndinamasula mphira ija. Bulangeti linali lolemera ngati thumba la chimanga, likudontha madzi. Juzi chimodzimodzi. Pamoto ndinadya nsima ndi anzanga, ndinaseka nawo, koma osauza munthu. Manyazi. Ndinalowa m'tenti n'kugona pa kamphasa ndi zovala zonyowa zomwezo.

Kuzizira kwa pansi pa phiri la Mulanje sikufanana ndi kwa m'tauni. Nsonga yake ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002, ndipo usiku mphepo yozizira imatsetsereka kuchokera kumtundako kutsata mtsinje wa Likhubula. Pakati pa usiku mano ankagundana, miyendo ikukokana, kenaka ndinayamba kumva tulo tachilendo tokoma, ndipo ndimo ndinachita mantha. Zipi ya tenti inatseguka.

"Mwana wanga, ukufuna tikanene chiyani kwanu?" Anali bambo aja, tochi ili m'manja. Anamva kubuula kwanga ali m'tenti mwawo.

Anandivula malaya onyowa, n'kundiveka jekete lawo, n'kunditengera pa moto wa alonda. Mlonda wina anawiritsa tiyi m'kapoto kakuda, shuga wambiri, nandiuza kuti ndimwe pang'onopang'ono. Thupi litabwerera, bambowo anandifunditsa bulangeti lawo, iwo n'kukakhala pa mpando wa galimoto mpaka mbandakucha. Ndinkawamva akutsokomola.

Kutacha kumwamba kunayera, thanthwe la Chambe likuoneka lonse. Anzathu anakwera kukaona mathithi a Dziwe la Nkhalamba. Bambo aja, amene dzulo lake panjira sankatha kusiya kukamba za mathithiwo, anatsala n'kumanditsuka bondo ndi madzi amchere. Zimenezi ndi zomwe zimandipweteka kuposa chilonda chija.

Pobwerera ndinayesetsa, koma bondo linali litatupa, ndipo pa Nkando linakaniratu kupinda. Bambo aja anaimitsa galimoto, anakweza okha njinga yanga, n'kundiuza kuti ndikafika ndipite kuchipatala. Gulu linali litapita kale patali, choncho anakhosomola, n'kukwera njinga yawo kuyamba kulithamangira okha.